Malume Owerengera Ndege

Zinayamba ndi mchenga m'nsapato za Mphatso, mwana wanga wamng'ono. Linali Loweruka, ndabwera kuntchito miyendo ikuwawa, ndikumuvula nsapato kuti ndikamusambitse, mchenga khuthu pakapeti. Paki ya pafupi ndi nyumba yomwe tinkakhala ku Falls Church, kuno kutsidya kwa nyanja, ilibe mchenga, pansi pake anathira tizidutswa ta mitengo. Ndinafunsa Tadala, wamkuluyo, kuti lero munapita kuti. Anayamba wayang'ana kuchitseko cha chipinda cha agogo ake, kenaka n'kuyankha m'Chingerezi kuti anangopita kosewera basi. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sayamba wayang'ana chitseko asanayankhe amake. Koma ndinadziuza kuti iwe Alinafe watopa, gona. Nanga munthu ungakayikire malume ako, amene anakunyamula iwe ndi ana tsiku limene unalibe kolowera?

Patha miyezi itatu chimwalirire malume angawo, a Layisoni Mbewe, mlongo wawo wa malemu mayi anga. Anthu a kutchalitchi analemba zabwino zambiri pagulu la pafoni, kuti anali mzati wa Amalawi kuno, kuti anali dokotala wa masamu amene sanaiwale kwawo ku Dedza. Zonsezo nzoona. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 7, sindidziwa kulemba ngati iwowo, koma ndilemba zanga, chifukwa ine ndinagona pansi pa denga lawo ndipo ndinaona mbali imene enawo sanaione.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa opapatiza, woyenda ngati akuopa kudzutsa mwana. Pensulo ankasongola ndi lezala ngati mwana wa pulayimale, chonsecho nyumba yadzaza makompyuta. Sankakhala chofulatira chitseko. M'tchalitchi, m'lesitilanti, ngakhale pamaliro, ankayamba waima kaye pakhomo, maso uku ndi uku, ndipo akakhala pansi umapeza kuti asankha mpando woona zitseko zonse. Botolo la jamu likatha sankalola kutaya chivindikiro. Ankachitsuka, n'kuchiika m'kabati ya m'chipinda chawo chogwiriramo ntchito. Tsiku lina ndinataya ziwiri, anakazitola okha m'bini atavala tayi.

Ntchito yawo sindinaimvetse kwa nthawi yaitali. Ankagwira kukampani ina yothandiza asilikali a dziko lino, kumene foni amasiya pakhomo polowa, ndipo zambiri ankati sizonena. Madzulo ena nditangofika kumene kwawo anaona kuti ndikungolira, ndiye pofuna kundichotsa maganizo anayala mapu pathebulo la kukhitchini n'kubweretsa zivindikiro zija.

"Chivindikiro chilichonse ndi ndege," anatero. "Si ndege yoponya mabomba ayi. Ndi yongoyang'ana. Ili m'mwamba kwambiri, ili ndi makina oona patali, koma imaona pokhapo pamene chivindikiro chaphimba. Ndakupatsa zisanu. Phimba dziko lonseli."

Ndinayesa. Ukaphimba kuno kwatseguka uko. Ukazithinanitsa pakati, m'mbali muli mbee.

"Nanga bwanji osangowonjeza zina?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Akuluakulu a asilikali amafunsanso chimodzimodzi. Ndege ndi zochepa, mwana wanga. Tsono chotsa chimodzi, mafuta atha, yabwerera kukamwa. Ichi usachiike apa, pali phiri, makina saona kuseri kwa phiri. Ichi wachiyandikiza kwambiri kwa adani, achigwetsa." Ankasuntha zivindikiro ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, mpaka mapu onse anaphimbika kupatula kamalo kakang'ono pakona. Anati ntchito yawo ndi imeneyo, kungoti m'malo mwa zivindikiro amalemba masamu, kompyuta n'kuyesa kaikidwe kambirimbiri mpaka kupeza komwe kakusiya malo ochepetsetsa osaoneka. Ndipo kamalo ka pakonako, anati, sikatha. Kamakhalapo nthawi zonse. Nzeru ndi kudziwa pamene kali, ndi kukaika pamene sikangapweteke munthu.

Ankakonda kunena kuti choipa sichilowera pamene palibe mlonda, chimalowera pakati pa alonda awiri pamene aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye akuyang'ana. Pa pikiniki ya tchalitchi chaka china anatiimika amayi anayi m'malo anayi, wina pamtengo, wina pafupi ndi zimbudzi, wina kumsewu, ine pamatebulo, kuti ana onse azioneka. Azimayi ankaseka kuti a Mbewe atisandutsa ndege. Koma tsiku limenelo palibe mayi anathamanga akufuula dzina la mwana.

Amene sankawaopa anali Amake Chanda, mnansi wathu wochokera ku Lusaka, namwino kuchipatala china ku Bethesda. Ankabwera Lamlungu masana kudzamwa tiyi ndi kudzakangana.

"Ba Mbewe, ndeke zanu izo zikaona munthu, manje vimene vikonkhapo ni vichani?"

"Ine ndimawerengera maso, mayi. Zipolopolo amawerengera ena."

"Awe! Maso na chala cha pa mfuti viyendela pamodzi. Osanamiza ise."

"Ndege ikaona bwino, ndiye kuti sawombera munthu wolakwika."

"Ndiye muzigona bwino na iyo nkhani, ka?"

Malume ankangovundula tiyi wawo, supuni ngwee ngwee, n'kunena kuti iwo sanalakwitsepo masamu. Imeneyo ndiyo inali mfundo yawo yomaliza pa mkangano uliwonse.

Yohane, bambo wa ana anga, anandipezera ndi iwowo. Anali mnyamata wa kwathu amene anabwera kudzaphunzira kuno, malume n'kumamuthandiza masamu, n'kumamudyetsa Lamlungu. Atafuna mkazi wa kumudzi, malume anatchula ine. Anakwera ndege okha kubwera ku Dedza kudzaima ngati nkhoswe yanga, anasinthana nkhuku ndi ankhoswe a kuchimuna anthu akululutira, ananena pamaso pa mudzi wonse kuti banja ili likagwedezeka mudzafunse ine. Za m'banjamo sindilemba zambiri. Ndingonena kuti m'mawa wina Yohane anandikankha ndili ndi Mphatso kumbuyo, Tadala n'kulowa pakati kuti andilanditse, n'kugwera pakona ya thebulo lagalasi. Chipsera chili pamphumi mpaka lero. Yohane ankanena kawirikawiri kuti tsiku lina adzatenga ana kupita nawo kumudzi kwa amayi ake, ndipo ine wa Sitandade 7 sindidzawaonanso.

Nditaimba foni m'mawa umenewo malume anafika msanga, malaya atamanga mabatani mosemphanitsa, chinthu chimene sindinachionepo. Anayang'ana magazi pa diresi la Tadala, anavula jekete n'kumufunditsa, anamunyamula okha mpaka m'galimoto. Kuchipatala anakhala nafe. Mapasipoti a ana amene ndinathawa nawo m'thumba la matewera ndinawaika m'thumba la pulasitiki n'kuwapatsa iwo kuti asunge. Za kukhothi poyamba anakana, anati nkhani ya m'banja siyopita nayo kwa alendo ankhoswe ali moyo, tinakangana masiku awiri. Koma tsiku lachitatu anavala suti, anandiperekeza, ndipo woweruza atalamula kuti Yohane asayandikire ine ndi ana, malume anandigwira dzanja potuluka. Ndinati Mulungu wandibwezera mayi anga kudzera mwa mlongo wawo.

Ndinapeza ntchito yoyala mabedi kuhotela ina ku Foggy Bottom. Loweruka ndinkagwiranso, ana n'kutsala ndi agogo awo. Malume ankadziwa pamtima nthawi ya sitima iliyonse ya Metro, ankandiuza kuti ukanyamuka pano nthawi yakuti ukwera yakuti, ukaweruka ufika pakhomo nthawi yakuti. Ine ndinkati ndi chikondi.

Loweruka lotsatira la mchenga lija, Mphatso anabwera akununkha mafuta onunkhira amene ndimawadziwa ngakhale nditatseka maso. Ndinamufungatira, fungo lili m'khosi mwake, m'kolala ya juzi. Anali mafuta a Yohane. Sindinafunse munthu. Ndinapita kwa Amake Chanda n'kuwauza, iwo anati, "Osalila iwe. Saturday nili off. Tizaona na maso yathu."

Tsikulo ndinavala yunifomu, ndinatsanzika, malume anandikumbutsa kuti sitima yanga yatsala mphindi zochepa. Ndinakhota pakona n'kulowa m'galimoto ya Amake Chanda, ndinagona pampando wakumbuyo ngati wakuba, ine mayi wa ana. Sipanapite nthawi galimoto ya malume inatuluka. Tinaitsatira kudutsa mphambano za ku Seven Corners zosokoneza zija, mpaka kupaki ina kuseri kwa mafulati, ya mchenga. Ndinadzutsa mutu. Yohane anali atafika kale. Mphatso anamuthamangira. Tadala anatsalira m'mbuyo, akuyenda chammbali, dzanja lili pamphumi. Malume anamukankha pang'ono kumsana kuti apite, kenaka anakakhala pabenchi, n'kuvula wotchi n'kuiika pabondo.

Benchi limenelo linali loona zipata zonse ziwiri ndi msewu womwe. Anandiona ndisanatseke n'komwe chitseko cha galimoto. Anaimirira, anavula chipewa, anangoima.

Sindinakuwe. Ndinathamanga, ndinatsomphola Mphatso pakatungwe, Tadala anali atandigwira kale yunifomu.

"Mayi a Tadala, tabwerani tikambe ngati anthu," anatero Yohane, akumwetulira ngati tili paukwati.

"Imilila pamene apo!" Amake Chanda anali atakweza foni m'mwamba. "Step imodzi chabe, nizaitana ba police manje manje."

Masana amenewo malume anandiitanira m'chipinda chawo cha ntchito. Ndinkayembekeza kuti apepesa. Anatulutsa pepala la mizeremizere. Panali dzina langa, nthawi yonyamukira, siteshoni, sitima yochedwa ikachedwa, tsiku limene ndinaweruka msanga chifukwa cha mutu. Panali mapaki anayi, atatu atawadula ndi pensulo. Panali nthawi yoti Yohane afike ndi yoti achoke, njira yoti adzere kuti asadutse pafupi ndi siteshoni.

"Taona," anatero, chala chili papepala. "Miyezi inayi, simunakumanepo ngakhale kamodzi. Malo ndi a poyera, ine ndilipo, zipata ndikuziona. Ana aona bambo awo, iwe mtima uli m'malo. Palibe wapweteka."

"Miyezi inayi, malume?"

"Ndine nkhoswe, Alinafe. Ndinaima pamaso pa anthu. Woweruza uja sanalipo pamene tinkasinthana nkhuku. Iye ntchito yake ndi kulekanitsa, yanga ndi kulumikiza. Ndikapita kumudzi akandifunsa kuti banja lija lili kuti, ndikati ndinalisiya kukhothi?"

"Ndiye munauza mwana wanga kuti azindinamiza?"

"Sindinati aname. Ndinati asakuvutitse ndi nkhani."

"Nanga chipsera cha pamphumi pake munachilemba pati papepalali? Ndionetseni. Ine sindidziwa masamu, ndionetseni pamene chili."

Anayang'ana pepala nthawi yaitali, ngati akuchifunadi. Kenaka anati munthu amasintha, Yohane walapa, analira pamaso pawo. Anati ndili wamng'ono, ndidzamvetsa. Analipinda pepala kanayi bwinobwino n'kulibweza m'dirowa.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chakuti sanachite mwa nkhanza. Anakhala pansi, anasongola pensulo, anatenga nzeru zonse zimene Mulungu anawapatsa, zomwe asilikali a dziko lalikulu ngati lino amazidalira, n'kufunafuna nthawi imene maso anga sali pa ana anga. Anaipeza. Ndipo anaipereka kwa munthu yekhayo padziko amene ndinkamubisira.

Amake Chanda anati ndikanene kupolisi. Ndinalephera. Ukanena Yohane wanenanso malume, nkhalamba ya ntchito yosafuna mbiri ya kukhothi, ndipo ndikugona m'nyumba yawo. Ndinangosintha zinthu. Loweruka ana ankapita kwa Amake Chanda kapena ndinkajomba. Chitseko cha chipinda chathu ndinkakhoma. Ine ndi malume tinkangopatsana moni, mwadzuka bwanji, ndadzuka, basi. Ankasiya maapulo osenda pathebulo kuti ana adye, ine ndinkawataya. Milungu itatu inatha choncho. M'mawa wina akupita kuntchito anagwa pasiteshoni akudikira sitima. Pamene ndinkafika kuchipatala anali atapita kale. Ndinalira, ndipo sikunali kulira kwa chiphamaso. Ndinagwira phazi lawo lozizira ndikuti malume mwandisiyira ndani, mkamwa momwemo muli mawu ena amene sindinawauze.

Nyumba inadzaza. Ana awo awiri anabwera kuchokera ku Texas, azimayi a kutchalitchi anayala zitenje pabalaza, nyimbo usana wonse. Tsiku lachiwiri ndikusuzumira pawindo la kukhitchini ndinaona Yohane panja pakati pa azibambo, akutsitsa mipando m'galimoto. M'nyumba sanalowe. Azimayi ankati taonani mkamwini wa ulemu, mavuto ali apo koma maliro wabwera. Ndani angaitane apolisi pamaliro a malume ake? Ndinatenga ana n'kuwakhazika pakati pa miyendo yanga tsiku lonse, kuchimbudzi ndinkapita nawo.

Tsiku lachitatu Mayi Tcheya a chigwirizano cha azimayi anandikokera pambali, anandigwira manja onse awiri.

"Mwana wanga, thupi likunyamuka Lachisanu. A Yohane adzipereka kuperekeza. Tsono ana akuyenera kukaika agogo awo m'manda, ndi mwambo. Iwe ndi ntchito yakoyi sungachoke, tikudziwa. Apite ndi bambo awo, milungu iwiri abwera."

"Ayi, amayi."

"Usayankhe msanga. Malemuwa anali atakonza kale zoti anawa akaone kumudzi chaka chino. Anatiuza okha. Ukana mawu a munthu wakufa?"

Ndinati ndamva, ndiganiza. Ndinamwetulira, ndinawathirira tiyi, sindikudziwa kuti mphamvu imeneyo inachokera kuti. Ndili m'bafa ndinaimbira mayi wina wa ku ofesi yothandiza azimayi amene anandipatsa nambala yake tsiku la kukhothi lija. Ndinatsegula mpopi kuti anthu asamve. Chingerezi changa chinathyokathyoka koma anamva. Anati malo obisalako alipo, ndibwere ndi mapepala a ana.

Lachisanu m'mawa onse ananyamuka kupita kumwambo wotsanzika, kuti akachoka kumeneko alunjike kubwalo la ndege. Ndinati Mphatso watentha thupi, ndimupatse mankhwala kaye, titsatira ndi Amake Chanda. Mayi Tcheya anati ndisachedwe, ndipo ndisaiwale zikwama za ana. Galimoto yomaliza itatuluka ndinawerenga mpaka makumi asanu, kenaka ndinatsegula chipinda cha malume.

Munali zii. Munthu anali asanalowemo chimwalirire malume. Mpando unali utayang'ana kuchitseko, khushoni lake lili ndi dzenje la thupi lawo. Juzi yotuwa inali pamsana pa mpando, zigongono zotuluka. Kapu ya tiyi itauma mkati, mzere wofiirira kuzungulira. Mapensulo atatu osongoka, tizipalo take tili m'mbale. Kompyuta ya kuntchito anthu a kukampani anali atatumiza uthenga kuti adzaitenga, inali yotseka, kanyale kake kakuphethira. Pakhoma chithunzi cha mayi anga ali mtsikana, chimene sindinadziwe kuti anali nacho, chinali kuseri kwa chitseko pamene munthu wokhala pampando yekha ndiye angachione. Fungo la sopo wawo linali lidakalimo. Ndinatsala pang'ono kunena kuti odi.

Dirowa la pansi linali lokhoma. Ndinalitsegula ndi mpeni wa buledi, thabwa linang'ambika. Mapasipoti sanali m'thumba la pulasitiki limene ndinawapatsira. Anali mu envulopu yoyera yomata, pamwamba pake atalemba ndi pensulo, zilembo zawo zoongoka zija: Yohane, Disembala.

Sindinakhale pansi. Ndinang'amba envulopu, mapasipoti ndinawalowetsa m'kamisolo, pepala la nthawi zanga lija ndinalitenganso kuti woweruza akalione. Zovala za ana zinali kale m'matumba akuda a zinyalala kuti wina akaona aziti ndikukataya. Amake Chanda anaimika galimoto kuseri. Foni yanga ndinaizimitsa n'kuisiya pathebulo la kukhitchini pamodzi ndi makiyi a nyumba. Nthawi imene anthu ankaimba nyimbo yotsanzika malume, ife tinali pamsewu waukulu kulowera kwina, Tadala atagwira dzanja la mlongo wake, ine ndikuyang'ana galimoto iliyonse ya kumbuyo.

Kumene tili sinditchula. Kutchalitchi cha Amalawi sindipitako, nambala ndinasintha, kumudzi amangodziwa kuti tili moyo. Ndikamva munthu akulankhula Chichewa m'sitolo mtima umafuna kumuthamangira, koma ndimakoka ana n'kulowa mzere wina.

Sabata yatha ndinakalembetsa Tadala kusukulu yatsopano. Ndinapereka pepala la kukhothi, mayi wa mu ofesi analijambula, kenaka anandipatsa fomu yolembapo anthu ololedwa kudzatenga mwana. Pamzere woyamba ndinalemba dzina langa. Ndinamubwezera. Analoza mzere wachiwiri ndi cholembera, anati apa pamafunika munthu wina wodalirika, ngati inu mwadwala kapena mwachedwa. Wachibale aliyense, agogo, amalume.

Ndinati palibe.

Anati ndiganize kaye, fomu ikhoza kudikira mpaka mawa. Ndinati ndaganiza kale, ailandire choncho.